Kabatire ka Gogo

Nthawi inali itangopitirira leveni koloko m'mawa, ndipo mvumbi umene unayamba kusanache unalibe maganizo oleka. Makaniko analowa m'shopu yopetera nsalu atakumbatira chikwama cha zipangizo pachifuwa kuti chisanyowe, madzi akuyenderera m'khosi mwake. Asanapereke moni kwa aliyense anayang'ana kaye kudenga. Mababu onse ankayaka. Kenaka anayang'ana kukona, kumene kunali makina akale a mitu inayi amene aliyense ankawatcha Gogo, ndipo ataona kuti singano zikukwera ndi kutsika, mtima unakhala pansi.

"Adokotala afika," anatero Mayi Sizasi, amene ntchito yawo inali kudula timaulusi totsalira pa nsalu zopetedwa. Sanadzutse n'komwe mutu. "Moni amayambira kwa odwala. Ife amoyo tidikire."

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, kaya inu. Koma bwenzi lanulo mulipime. Masiku ano tikumalipeza lofunda m'mawa, ngati lagona ndi munthu."

Makaniko anamwetulira pang'ono n'kuika chikwama pa benchi. Chifukwa chake ankachidziwa, poti amene ankasiya Gogo ali woyaka usiku wonse anali iye mwini.

Dzina la udokotalali linabwera chifukwa cha kapimidwe kake. Makina akadwala, iye sankathamangira kumasula. Ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, n'kutsinzina. Ankayendera mashopu angapo m'tauni, koma ino inali ya mlamu wake, mng'ono wa malemu mkazi wake, ndipo anali ndi kiyi wake wa chitseko chakumbuyo. Chinali chipinda chachitali, cha mawindo a m'mwamba, chonunkhira mafuta a makina ndi nthunzi ya ayironi. Pakati panali makina atsopano onyezimira amene amayi ogwira ntchito m'shopumo ankawatcha Mkwatibwi. Gogo anakankhidwira kukona, ndipo ankangopatsidwa ntchito imodzi yokha, ya zilembo zing'onozing'ono.

Kupeta chilembo chachikulu si ntchito. Makina alionse amatha, ngakhale otopa. Vuto limakhala pa tizilembo ta pamwamba pa thumba la malaya, tija tolembera dzina la mlonda kapena la namwino, totalika ngati kambewu ka mpunga. Ulusi uli ndi thupi lake, ndipo ukaupanikiza pamalo ochepa umadzaza ponse. Maso a zilembo monga a, e ndi o amatsekeka, dzina la munthu n'kusanduka mzere wa nyerere zakufa. Mkazi wa makaniko ndiye ankakonza zojambula pa kompyuta m'shopumo, kuuza singano pobaya ndi polowera. Atatopa ndi zilembo zogula, anakhala pansi miyezi yambiri n'kupanga zake, chimodzichimodzi. Anazikuza maso, anazidula timichira tosafunika, ndipo chilichonse anachiyalira kaye kamzere kowonda pakati, kamene ankakatcha msana. Koma luso lake lenileni linali pa poyambira ndi pothera. Chilembo chilichonse chinkayambira kumanzere m'munsi n'kukathera kumanja m'munsi, pamene chinzake chiyambire, moti makina sankaima kuti adule ulusi mpaka dzina lonse litatha.

Zilembo zogula zimalira mwina. Makina amathamanga, n'kuima, kampeni kodulira ulusi n'kugunda, felemu yogwira nsalu n'kudumpha, n'kuyambanso, ngati munthu wachibwibwi. Za malemu zinkangoyenda osapumira, phokoso likukwera ndi kutsika, monga mmene mwini wake ankayankhulira akabwera kumsika ndi nkhani. Zimenezi makaniko anali asanauzepo munthu. Kunyumba kwake kunali zii, ndipo wailesi inkangoonjezera. Koma akaima pambali pa Gogo, dzina la mlonda wina wosamudziwa likupetedwa, ankamva ngati mkazi wake ali m'chipinda china akufotokoza zinazake, iye osamvetsera mawu, kungodziwa kuti munthu alipo.

Kompyuta ya malemu inapsa ndi mphenzi mwini wake atapita kale. Zilembo zija zinatsala malo amodzi okha, m'bokosi la ubongo wa Gogo. Waya wochokera ku ofesi ankangolowetsa zojambula m'bokosimo, sankatulutsa, ndipo kakhomo ka madisiki, kamene kale kankatulutsa, kanafa. Makaniko anayesapo kuikamo tina tochotsa ku makina ogumulidwa, Gogo n'kutikana tonse. Magetsi akazimitsidwa madzulo, chimene chinkasunga zonse za m'bokosimo chinali kabatire kamodzi, kakang'ono ngati batani la jekete. Ndiye sabata yapitayo, pagalasi la bokosilo panayamba kuoneka chenjezo lakuti kabatireko kakutha mphamvu.

Kuyambira tsiku limenelo ankabwerera madzulo onse ataweruka, n'kuyatsanso Gogo, galasilo n'kuliphimba ndi chigamba kuti kuwala kusaonekere pawindo. Kunja kukagunda bingu, chakudya chinkamukanika. Kabatire katsopano anali atakapeza m'mawa womwewo kwa wokonza mawotchi wa kutsidya kwa njanji, ndipo tsopano kanali m'thumba la malaya ake, kokulungidwa m'kapepala.

Njira yokasinthira inali imodzi. Kuti ubongo usaiwale, kabatire kakale kachoke ndipo katsopano kalowe magetsi ali oyaka. Izi zinkatsutsana ndi lamulo lake lomwe. Ali mnyamata anaonapo mnzake wa pantchito atakakamira pa waya, ndipo kuchokera pamenepo shopu iliyonse imene ankayendera ankaiphunzitsa chinthu chimodzi mpaka anthu kutopa naye: ukaona dzanja la munthu lili m'makina oyaka, zimitsa kaye, mafunso pambuyo. Swichi yaikulu yofiira ya pafupi ndi chitseko anaiika ndi iyeyo, pamsinkhu woti aliyense aifikire.

Mlamu wake anatuluka mu ofesi magalasi ali pamphumi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kumuponyera thaulo.

"Alamu, ambulera munapatsa ndani?"

"Ilipo."

"Ilipo kuti?"

"Kuseri kwa chitseko, kunyumba."

"Ndiye chitsekocho sichinyowa, tithokoze." Anatsitsa magalasi. "Uja wogula makina akale waimbanso. Akuti iye akungofuna mamotala."

"Gogo sanafe."

"Sindinati wafa, ndati wakalamba. Mkwatibwi amamaliza mulu wonse wa malaya Gogo akadali kutsokomola."

"Mkwatibwi wanuyo mum'patse dzina la namwino muone."

"N'chifukwa chake ndikadamusunga. Koma tsiku limene adzagone osadzuka, musadzandiyang'ane ndi maso amenewo."

Apa mawu anafika pakamwa. Akanangoti, alamu, pali kanthu kakang'ono kofunika kusintha lero, mundithandize. Koma anaona kuti akatchula chenjezo lija, foni ya wa mamotala iyankhidwa tsiku lomwelo. Ndipo akafunsidwa chifukwa chimene munthu wamkulu akunjenjemerera ndi kabatire, ayankha kuti chiyani? Anangopukuta m'khosi ndi thaulo lija.

"Ana akukufunsani," anatero mlamu wake. "Lamlungu mubwere mudzadye nafe."

"Ndiona."

"Ndiona wanuyo wakalamba kuposa Gogo."

Nthawi ya nkhomaliro itakwana, makina anaimitsidwa, amayi anayamba kufunafuna maambulera. Ankadyera palesitilanti ya kutsidya kwa msewu.

"Tiyeni, Adokotala," anatero Mayi Sizasi.

"Ndadya kale."

"Mwadya chiyani, girisi?"

Anatuluka akuseka, mlamu wake ali pambuyo, ndipo chitseko chitatsekeka munangotsala phokoso la mvula padenga ndi kafani ka m'bokosi la Gogo.

M'chikwama chake, pansi pa zipangizo, munali nsalu yoyera yopindidwa bwino imene anaigula kalekale. Cholinga chinali choti tsiku lina adzapetepo zilembo zonse, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, zazikulu ndi zazing'ono, kuti zikhale poonekera. Tsikulo silinkafika. Ntchito imeneyo inkafanana kwambiri ndi kulongedza zovala za munthu, ndipo za m'kabati ya kunyumba anali asanazikhudze. Anaitulutsa nsaluyo, anaiyang'ana, n'kuiika pa benchi. Nthawi ya nkhomaliro ndi yaifupi. Ayambe kabatire, nsalu pambuyo.

Anavula wotchi ndi mphete n'kuziika m'kambale ka masikuluwu. Bokosi la ubongo linali m'munsi, cham'maondo, chakukhoma, moti anachita kuyala katoni pansi n'kugona chammbali. Anamasula chivundikiro. Mkati munali fumbi la ulusi la mitundu yonse, ndi timagetsi tobiriwira tikuphethira. Kabatire kanali mkati ndithu, kopanidwa ndi kachitsulo. Kunja bingu linagunda chapatali, mababu anachita ngati akufuna kutsinzina, n'kuyakanso bwino. Anadikira pang'ono.

Kakale kanachoka mosavuta. Anakaika pakatoni, n'kumasula katsopano m'kapepala. Koma zala zinali zitazizidwa ndi mvula ija, ndipo atangokafikitsa pa kachitsulo kanaterereka. Anakamva kakugubuduka, n'kukaima kumapeto kwa bokosi, kuseri kwa mawaya.

Sanatukwane. Magetsi analipo, palibe chinali chitatayika. Anagona chafufumimba, tsaya pasimenti, n'kulowetsa mkono wonse mpaka paphewa, mosamala, kulambalala mawaya okhuthala. Anatsinzina monga ankachitira pomvetsera makina, kuti zala zione bwino. Anasiya kupuma. Thupi lonse linangoti duu, zala zokha zikuyenda pang'onopang'ono m'fumbi. Nsonga ya chala chapakati inakhudza kanthu kozizira, kosalala.

Pamenepo kafani kanaleka kulira.

Atatsegula maso munali mdima, timagetsi tobiriwira tija tonse titazima. Anaganiza kuti ndi mphenzi. Kenaka anamva mbale ikugwa pansi, mapazi akuthamanga, ndipo manja awiri anamugwira m'miyendo n'kumukoka ndi mphamvu, katoni ndi iye yemwe.

"Alamu! Alamu, mukupuma?"

"Yatsani magetsi."

"Tandiyang'anani. Mukundiona? Dzanja lili bwanji?"

"Yatsani, chonde. Swichi ija."

Koma mlamu wake anali atagwada, akumugwiragwira kumaso ndi pachifuwa, akutembenuza dzanja lija kufuna poti lapsa, ndipo sankamva chilichonse. Makaniko anachita kudzuka yekha, bondo likukana, n'kuyenda chotsimphina kutalika konse kwa chipindacho. Pakhomo anaponda chakudya. Mbale inali chadodolido pafupi ndi ambulera yotsegula. Mlamu wake sanakhulupirire zoti wadya kale, ndiye anamubweretsera.

Anakweza swichi. Mababu anayaka, Mkwatibwi analira kamodzi, kafani ka Gogo kanayambanso. Anabwerera, anagona pansi, anatulutsa kabatire katsopano kaja n'kukaika m'malo mwake. Ulendo uno kanalowa kamodzi n'kamodzi. Kenaka anaimirira n'kuyang'ana pagalasi.

Chenjezo lija linali litachoka. Gogo ankafunsa tsiku ndi chaka, ngati munthu wotsitsimuka kuchipatala. Makaniko anamuuza. Anatsegula pamene pamakhala zojambula, n'kudina nambala yoyamba, imene inkasunga chilembo choyamba. Panalibe kanthu. Anadina yachiwiri. Anapitiriza kudina ngakhale ankadziwa, mpaka chala chinaima chokha.

"Ndimayesa mwafa," anatero mlamu wake. Anali akadali pansi, atatsamira mwendo wa benchi. "Ndalowa, ndangoona miyendo. Ndaitana, osayankha. Mkono uli mkati, makina akuyaka. Munatiphunzitsa ndinu."

"Mwachita bwino."

"Musandiuze kuti ndachita bwino ndi nkhope imeneyo. Chachitika n'chiyani?"

Anamufotokozera mwachidule, maso ali pagalasi, za kabatire, za chenjezo, ndi chifukwa chimene magetsi sanayenere kuzima.

"Ndiye chatayika n'chiyani?"

"Zilembo za akulu anu."

"Zingati?"

"Zonse."

Mlamu wake anachotsa magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa epuloni, n'kuwagwira m'manja osawavala.

"Munadziwa liti?"

"Sabata yatha."

"Sabata yatha. Ndiye mumalowa muno, mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, nkhani ili m'thumba."

"Ndimaopa kuti muitana wa mamotala."

"Mukanandiuza, ndikanaima pa swichi paja ndi mpini wa tsache. Ngakhale ntchentche sikanaterapo." Mawu ake sanakwere. "Anali akazi anu, sindikukana. Koma ine ndinagona nawo bedi limodzi inu musanawadziwe n'komwe. Mukuganiza kuti Gogo ndimamusungira nkhope? Mukuganiza kuti chitseko cha ofesi ndimachisiyiranji chotsegula akamapeta maina?"

Makaniko anatembenuka n'kumuyang'ana. Chitseko chimenecho ankachiona chotsegula masiku onse, ndipo ankayesa kuti n'chifukwa cha kutentha. Anatola wotchi ndi mphete m'kambale muja n'kuvala.

Amayi anabwerako akukutumula maambulera. Mayi Sizasi anaona chakudya pansi.

"Kodi Adokotala, mwayamba kudyetsa simenti?"

Iwo anayang'ana uku ndi uku, anaika chikwama chawo, n'kukatenga tsache.

Masana onse makaniko anakhala akukumbutsa Gogo zinthu zina zimene anaiwala, liwiro, malire a felemu, nthawi yodulira ulusi. Izi zinali m'mutu mwake, ndipo zinabwerera mosavuta. Nsalu yoyera ija anaipindanso n'kuibwezera pansi pa zipangizo. Mlamu wake anadzitsekera mu ofesi. Pochoka, makaniko anazimitsa Gogo ndi dzanja lake. Panalibenso chifukwa chobwererera madzulo.

Mvula inali itachepa, ndipo anaganiza zoyenda wapansi. Pageti la sitolo ina yogulitsa mankhwala panaima mlonda, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Pamwamba pa thumba la malaya ake panali dzina la ulusi woyera. Makaniko anazindikira zilembo za mkazi wake ali patali, maso otseguka aja, zilembo zogwirana manja m'munsi. Anaima.

"Bambo, tikuthandizeni?" anafunsa mlondayo.

"Ayi. Ndimangoona dzina lanu."

"Mukundidziwa?"

"Ayi. Lalembedwa bwino."

Mlondayo anaweramitsa mutu n'kudziyang'ana pachifuwa, ngati akuliona koyamba.

"Si langa ili. Mwini wake anasiya ntchito, malaya n'kutsala. Koma ndazolowera, akaitana ndimayankha."

Makaniko anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Njira yonse ankaziona, pachifuwa pa kondakitala wa basi, pa mayi wosesa pakhonde la banki, pa wogulitsa mafuta a galimoto. Zinali ponseponse m'tauni, zikuyenda, zikunyowa, zikusuluka ndi sopo. Malaya amenewo akadzatha, ena sadzabweranso.

Kunyumba anapeza ambulera ili kuseri kwa chitseko. Anateleka madzi a tiyi, n'kutulutsa kabokosi ka nsapato kamene ankasungiramo zigamba zoyesera. Nthawi iliyonse akakonza Gogo ankapeta kaye pachigamba asanalole malaya a anthu, ndipo zigambazo sankataya. Zinali zambiri, koma zonse zinali ndi zilembo zomwezomwezo, zija zovuta zokhazokha, a, e, o, s ndi g, poti ndi zimene zimaulula makina akadwala. Anatembenuza chimodzi. Kumbuyo kwa nsalu njira ya singano imaoneka, kwa amene amadziwa kuiwerenga. Anaitsata ndi chikhadabo, apa anayambira, apa anakwera, apa anabwerera kudzatseka diso, apa anatulukira kupita kwa chinzake. Zinali ngati kuona mapazi a munthu pamchenga. Anachiika kukhutu, n'kudziseka yekha, n'kuchibwezera m'kabokosi. Madzi anali atawira kalekale.

M'mawa mwake kunacha ndi dzuwa lofooka. Anaganiza zoyambira ku shopu ina ya kumsika, kumene makina ankadula ulusi pafupipafupi, koma miyendo inamutengera kumene inazolowera. Kabokosi ka nsapato kaja kanali m'khwapa, ngakhale sankadziwa bwinobwino chimene wakatengera.

Pa benchi yake anapeza katoni yaikulu. Munali malaya okanidwa a zaka zambiri, ena ong'ambika pothera singano, ena othimbirira mafuta, maepuloni akale, zipewa, ndi timalaya ta sukulu ta ana a mlamu wake timene tinawachepa kale. Pamwamba penipeni panali ovolosi ya Mayi Sizasi. Eni ake anali pampando wawo atavala juzi ya kunyumba.

"Mubweze ikatha ntchito," anatero osadzutsa mutu. "Musaikonde."

Mlamu wake anatuluka mu ofesi. Maso anali otupa pang'ono, koma magalasi anali pamphumi monga mwa masiku onse.

"Ndafufuza m'sitolo monse ndi kunyumba," anatero. "Zina zilipo, zina palibe. Zazikulu n'zochepa. Sindikulonjeza kanthu, alamu. Dzanja langa si la akulu anga. Anandiphunzitsa, koma pa kompyuta ndimachedwa, ndiponso ndimatukwana."

"Ndimamva."

"Ine kumbuyo kwa nsalu sinditha kuwerenga, ndimangoona ulusi. Inu mumatha. Mutakhala pambali n'kumandiuza kuti apa analowera uku, apa anatulukira uku, mwina chilembo chimodzi pa Loweruka chikhoza kumatuluka. Mwinanso ayi."

Makaniko anatenga kamalaya kamodzi ka sukulu n'kukatembenuza. Ulusi unali utasuluka, koma njira inkaoneka.

"Sizidzalira chimodzimodzi," anatero.

"Ayi. Sizidzalira chimodzimodzi."

Anaika kabokosi ka nsapato pambali pa katoni ija. Mlamu wake anakatsegula, anayang'ana zigamba zija, chimodzi, chachiwiri, chachitatu, n'kupukusa mutu.

"Zaka zonsezi, zilembo zisanu zokhazokha?"

"Ndi zimene zimavuta."

"Ndiye tiyambira zomwezo. Loweruka mubwera, kapena muona?"

"Loweruka masana sindikhala ndi kopita."

"Ndimadziwa," anatero mlamu wake, n'kutsitsa magalasi. "Koma lero kuli mayunifomu a anamwino, akuwafuna madzulo. Ndatumiza kale zilembo zogula kwa Gogo. Muone chimene mungachite."

Makaniko anakankhira katoni pansi pa benchi. Anachotsa singano za dzulo n'kuika zowonda kwambiri, m'mitu yonse inayi, kamphako ka singano kakuyang'ana kutsogolo. Anasintha ulusi n'kuika wopyapyala. Anatulutsa mabobini, anapima kulimba kwa ulusi wake poulendewetsa pachala, n'kudontheza kadontho kamodzi ka mafuta pa mbedza iliyonse yokolera ulusi. Anakunga chigamba pafelemu, kansalu kolimbitsa kali kunsi, anachepetsa liwiro, n'kudina batani.

Gogo anathamanga, n'kuima. Kampeni kanagunda, felemu inadumpha, anayambanso. Anathamanga, n'kuima. Mayi Sizasi anadzutsa mutu, anayang'ana kukonako, n'kuweramanso. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula.

Dzina litatha, makaniko anachotsa felemu n'kupita nayo pansi pa windo. Linkawerengeka, koma diso la e linali litatsala pang'ono kutsekeka, ndipo pa mutu wachitatu ulusi wa kunsi unkaonekera pamwamba. Anagunditsa sikuludiraiva pamutu umenewo, chigwiriro kukhutu, n'kuyendetsanso makina pang'ono. Munali fumbi pansi pa kachitsulo kamene singano imadutsapo.

"Alamu," anaitana, "tazimitsani Gogo. Ndikufuna kutsegula."

Mlamu wake anabwera, anazimitsa, n'kuima pomwepo atagwira tochi. Makaniko anamasula timasikuluwu tiwiri, anatiika m'kambale, anatenga kabulashi, n'kuyamba kuchotsa fumbi.